Timatumba ta mabakiteriya: muli chiyani, nanga tikutikhudza bwanji kuno ku Blantyre?

Amene munali mu Blantyre mu January 2023 mukukumbukira momwe sukulu zinachedwera kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mliri uja unayambira ku Machinga mu March 2022, ndipo pomadzatha unali utagwira anthu pafupifupi 59,000 m'dziko muno, oposa 1,700 n'kutisiya. Funso limene ambirife tinali nalo ndi ili: kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene kamangokhala m'matumbo osalowa n'komwe m'magazi, kangafinye bwanji munthu wamkulu mpaka maso kulowa m'kati pa tsiku limodzi?

Kachilomboko sikaluma. Kamatulutsa mapuloteni, ndipo mapuloteniwo ndi amene amawononga. Ena amatuluka paokha n'kumayandama m'madzi a m'matumbo, koma ena amatuluka atakutidwa m'timatumba ting'onoting'ono timene bakiteriya, kachilombo ka mtundu umenewu, amathothola pakhungu lake. Timatumba timeneti tayamba kutchulidwa m'nkhani za akatemera atsopano ndi za tizilombo tosamva mankhwala. Ena akamva kuti katemera wapangidwa ndi zidutswa za tizilombo amachita mantha, ena amayesa kuti kwabwera matenda achilendo. Si matenda achilendo, ndipo timatumbato si tamoyo.

Puloteni si ndiwo chabe

Mawu akuti mapuloteni ambirife tinawamva ku sikelo kapena m'kalasi, pa phunziro la magulu asanu ndi limodzi a zakudya: nyemba, usipa, mazira, soya. Zimenezo n'zoona, koma kwa wasayansi puloteni ndi chipangizo chogwirira ntchito. Yerekezani mikanda ya mitundu 20 yotungidwa pa ulusi umodzi. Mikandayo ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, ndipo mndandanda wa katungidwe kake umalembedwa mu DNA. Ulusi ukatha kutungidwa umadzipinda wokha, ndipo mapindidwewo ndi amene amaupatsa ntchito. Puloteni ina imakhala lumo, ina khomo, ina mbedza yogwirira, ina kiyi. Zimene zimafiiritsa magazi athu ndi puloteni. Insulin amene odwala shuga amabaya ndi puloteni. Ululu wa njoka nawo mbali yake yaikulu ndi mapuloteni.

Dzina lakuti puloteni linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1838 ku Ulaya, koma kuti kolera amapha ndi puloteni zinatsimikizika mochedwa. Mu 1959, dokotala wa ku Calcutta, Sambhu Nath De, anasefa mabakiteriya onse m'madzi amene anawakuliramo, madzi otsalawo n'kuwaika m'matumbo a kalulu. Matumbowo anadzaza madzi ngakhale munalibe kachilombo ndi kamodzi komwe. Lero tikudziwa kuti poizoniyo amamatirira ku maselo a m'matumbo n'kusiya njira yotulukira mchere ili chitsegukire, ngati mpopi woduka mutu. Kumene mchere wapita madzi amatsatira. N'chifukwa chake madzi a mchere ndi shuga aja amapulumutsa moyo: amabwezera zimene mpopiwo ukutaya.

Nyumba ya mpanda

Mu 1884, Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza kuti akanyika mabakiteriya mu utoto wina n'kuwatsuka, ena amausunga ena amautaya. Mpaka lero malabotale a zipatala zambiri, kuphatikizapo ya ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth), amagwiritsa ntchito njira imeneyi. Osunga utoto amatchedwa Gram-positive, otaya utoto Gram-negative.

Kusiyanaku kumachokera pa kamangidwe ka khungu. Bakiteriya wa gulu la Gram-negative ali ngati nyumba ya mpanda. Pali chipupa cha nyumba, imene ndi nembanemba yam'kati. Pali mpanda wakunja, nembanemba yachiwiri. Pakati pake pali bwalo, ndipo pabwalopo pamakhala zipangizo zambiri: mapuloteni odula chakudya, okonza zowonongeka, othyola mankhwala. Mumpandamo muli timakomo ta mapuloteni tolowetsera chakudya, ndipo kunja kwake kwamera tsitsi la shuga ndi mafuta lotchedwa LPS. Thupi lathu likangonunkhiza LPS limayatsa moto. Kutentha thupi, kunjenjemera, ndi kutsika kwa magazi kumene kumapha odwala amene tizilombo tawalowa m'magazi, mbali yaikulu kumayambira pamenepa.

Nkhaniyi ndi yathu chifukwa cha mayina a m'gululi. Vibrio cholerae wa kolera, Salmonella Typhi wa taifodi, Shigella wa kamwazi, E. coli ndi Klebsiella amene amavutitsa makanda m'mawodi, Neisseria wa chinzonono ndi m'bale wake wa matenda oumitsa khosi: onsewa ali ndi mpanda wakunja uja.

Kathumba kamabadwa bwanji

Malo ena pampandapo amatukumuka ngati thuza. Thuzalo limakula, khosi lake limaning'a, kenako limaduka n'kukhala kampira kotsekeka kamene kanyamula zina za pabwalo paja. M'Chingerezi timatchedwa outer membrane vesicles, mwachidule OMV. Ganizirani mayi wogulitsa mafuta ophikira mumsika wa Ndirande, amene amathira pang'ono m'kajumbo n'kumanga mfundo. Kusiyana kwake n'kwakuti bakiteriya jumbo yake amaidula pakhungu lake lomwe, ndiye chilichonse chimene chili pakhungulo chimapezekanso pajumbopo.

Kukula kwake ndi pakati pa mananomita 20 ndi 250, ndipo nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000. Manambala otere savuta kutchula koma amavuta kuwaona m'maganizo. Bakiteriya atakula ngati minibasi ya ku Limbe, kathumba kapakatikati kangakhale ngati mpira wamiyendo, tating'ono kwambiri ngati mandimu. Mulibe zipangizo zokwanira kuti kadye kapena kaberekane. Kathumba kamodzi sikangasanduke tiwiri.

Anayamba kutiona cha m'ma 1965 ndi 1966, pamene gulu la Elizabeth Work ku London linkafufuza E. coli. Mu 1967, S. N. Chatterjee ndi J. Das, ku Calcutta komwe kuja, anajambula timatuza tomweti pa kachilombo ka kolera ndi maikulosikopu yoyendera maelekitironi. Iwo ananena kuti imeneyi ndi njira imene kachilomboka kamatulutsira zinthu, koma kwa zaka zambiri asayansi anzawo ankangoti ndi zinyenyeswa za mabakiteriya akufa, kapena zolakwika za pokonza chithunzi. Maganizo anasintha m'zaka za m'ma 1990, makamaka ndi ntchito ya Terry Beveridge ku Guelph, m'dziko la Canada, amene anaonetsa kuti Pseudomonas aeruginosa wamoyo, wathanzi, amatulutsa timatumba todzaza ndi mapuloteni owononga. Kenako zinadabwitsanso. Mu 2009 ofufuza a ku South Korea anapeza timatumba kwa Staphylococcus aureus, amene alibe mpanda wakunja, ndipo mu 2011 tinapezekanso kwa kachilombo ka TB.

Za kabadwidwe kake akatswiri sanamvane kwenikweni. Mpanda uja umamangiriridwa ku nyumba ndi mapuloteni ena okhala ngati zingwe, ndipo pamene zingwezo zachepa thuza limatuluka mosavuta. Zinyalala zikachuluka pabwalo zimakankhanso mpandawo. Bakiteriya akapanikizika ndi kutentha, kusowa ayironi kapena mankhwala ena, timatumba timachuluka. Koma mu 2016 ofufuza a ku Sydney anajambula mabakiteriya ena akuphulika, zidutswa za khungu lawo n'kudzikulunga zokha kukhala timatumba. Ndiye m'mbale imodzi mukhoza kukhala timatumba totumizidwa ndi wamoyo ndi tina totsala pa wakufa, ndipo kutisiyanitsa n'kovuta mpaka pano.

Katundu wa m'thumba

Apa ndiye pagona nkhani. Mukatsegula kathumba mumapeza LPS, mafuta a nembanemba, nthawi zina tizidutswa ta DNA ndi RNA, ndi mapuloteni amitundumitundu. Ambiri ndi wamba, timakomo tija ndi zingwe zija. Koma pakati pawo pali zida.

Choyamba ndi poizoni. Mtundu wa E. coli umene umatsegula ana m'mimba uli ndi poizoni wofanana kwambiri ndi wa kolera, ndipo gulu la Meta Kuehn ku Duke University linaonetsa cha m'ma 2000 kuti poizoni wambiri amene watuluka amakhala atamatirira pa timatumba, timene timalowa nawo m'maselo a munthu. Kwa kolera, poizoni wambiri amatuluka payekha kudzera pa khomo lake lapadera, koma gawo lina limayenda m'timatumba. Helicobacter pylori, amene amayambitsa zilonda za m'mimba, amatumiza poizoni wake wotchedwa VacA mwanjira yomweyi. Bakiteriya wodya usinini, Porphyromonas gingivalis, amadzaza timatumba take ndi malumo odula mnofu.

Bakiteriya amapindulanji pokulunga chida chake? Mukathira supuni ya mchere mumtsinje wa Mudi pa Ndirande, wa kumunsi sangaulawe. Koma mukaumanga m'phukusi n'kupatsira wa kabaza, umafika wonse, wouma, pakhomo pamene mwautumiza. M'matumbo mwathu muli malumo athu ogaya mapuloteni, ndipo poizoni woyenda wamaliseche akhoza kugayidwa panjira. Wa m'thumba amatetezeka, amafika ali wambiri pamalo amodzi, ndiponso amafika limodzi ndi anzake ogwira nawo ntchito. Popeza kathumba n'kakang'ono, kamadutsa m'mamina oteteza matumbo n'kukafika kumene bakiteriya mwiniwake sangafike. Mu 2016 zinadziwikanso kuti timatumba timalowetsa LPS m'kati mwenimweni mwa selo la munthu, mmene muli alonda ena amene akaiona amapha selolo.

Chachiwiri ndi malumo odula mankhwala, ndipo mbali imeneyi ndi imene ine imandisowetsa mtendere. Penicillin, amoxicillin ndi ceftriaxone ndi banja limodzi, ndipo mabakiteriya ambiri ali ndi puloteni yotchedwa beta-lactamase imene imathyola mankhwalawa asanagwire ntchito. Puloteniyi imakhala pabwalo paja, ndiye sizodabwitsa kuti imalowa m'timatumba. Mu 2011 ofufuza a ku Sweden anaonetsa mu labotale kuti timatumba ta Moraxella catarrhalis, bakiteriya wa m'mphuno ndi m'khutu, timathyola amoxicillin n'kupulumutsa mabakiteriya ena oyambitsa chibayo amene paokha akanafa. Mu 2016 a ku Rosario, m'dziko la Argentina, anapeza zofanana ndi NDM-1, lumo limene limadula ngakhale mankhwala amphamvu amene madokotala amasungira pomaliza. Mwachidule, bakiteriya mmodzi akhoza kuteteza anansi ake amene si a mtundu wake.

Tiike manambala athu pambali pa zimenezi. Kafukufuku wa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene anasindikizidwa mu 2017, anaunika tizilombo topezeka m'magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016. Pofika 2016, pafupifupi 30 mwa E. coli 100 aliwonse ndi 90 mwa Klebsiella 100 aliwonse anali ndi malumo odula mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pano tisamale. Chimene chimafalitsa kwambiri kusamva mankhwalaku ndi majini, kutanthauza tizigawo ta DNA, amene mabakiteriya amapatsirana, ndipo kafukufuku uja sankayeza timatumba. Kuti timatumba tili ndi gawo lalikulu bwanji m'thupi la wodwala weniweni, osati m'mbale ya mu labotale, ndi funso limene silinayankhidwe.

Chachitatu si chida kwenikweni koma chinyengo. Buluzi akagwidwa amasiya mchira ukuphiriphitha, iye n'kuthawa. Popeza kathumba kavala khungu lofanana ndi la mwiniwake, chilichonse chosaka bakiteriya chikhoza kugwira kathumba m'malo mwake. Zaonetsedwa kuti timatumba timayamwa mankhwala monga colistin. Mabakiteriya nawo ali ndi mavairasi awoawo amene amawapha, ndipo mu 2018 ofufuza a ku Boston anapeza kuti timatumba ta kolera timakola mavairasi amenewa. Mu 2020 a ku Graz, m'dziko la Austria, anaonetsa kuti kachilombo ka kolera kakangolowa m'thupi kamachulukitsa timatumba pofuna kutaya msanga mapuloteni a pakhungu amene ankakathandiza m'madzi koma m'matumbo angalowetse ndulu. Ndi kufundula kwa njoka kumeneko.

Amadziwa bwanji zimene zili m'kati

Nkhani zambiri zimene zimatuluka zimati ofufuza apeza mapuloteni mazana angapo m'timatumba ta bakiteriya wakutiwakuti. Ndi bwino kudziwa mmene mndandanda wotere umapangidwira. Amakulitsa mabakiteriya m'msuzi, n'kuwasefa ndi sefa ya timabowo ta mananomita pafupifupi 220. Madzi otsala amawazunguza m'makina mwamphamvu yoposa mphamvu yokoka ya dziko ka 100,000, mpaka timatumba titadikha pansi monga zimachitira nsenga za thobwa. Kenako amadula mapuloteni onse ndi lumo lotchedwa trypsin, n'kuyeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse m'makina otchedwa mass spectrometer. Kompyuta imayerekeza zolemerazo ndi DNA ya bakiteriyayo n'kutchula mayina. Njira zoyezera mapuloteni motere zinabweretsa mphoto ya Nobel mu 2002 kwa John Fenn ndi Koichi Tanaka.

Vuto lake aliyense amene anapetapo mpunga akulidziwa: ngakhale upete bwanji, timiyala tina timatsala. Pansi paja pamadikhanso michira ya mabakiteriya, mavairasi awo ndi zibuluma za mapuloteni zimene sizinali m'thumba. Makinawo ndi akuthwa kwambiri moti amatchula ndi zinyalala zomwe. N'chifukwa chake pamndandanda pamapezeka kawirikawiri mapuloteni a m'kati mwa nyumba, amene sankayembekezeka pabwalo, ndipo akatswiri amatsutsana ngati anaikidwamo dala, ngati anachokera kwa ophulika aja, kapena ngati ndi timiyala ta m'lichero. Komanso bakiteriya wokulira m'msuzi wonona wa mu labotale sanyamula katundu wofanana ndi wa m'matumbo a mwana wa ku Bangwe. Mukawerenga kuti puloteni yapezeka m'timatumba, dzifunseni ngati ofufuzawo anaichotsa n'kuona kuti kuvulaza kwachepa. Kupezeka kokha sikusonyeza ntchito.

Kusandutsa phukusi la mdani kukhala katemera

Katemera amaonetsa asilikali a m'thupi nkhope ya mdani nkhondo isanayambe. Kathumba kali ndi nkhope yonse ya bakiteriya, mapuloteni ake ali m'mapindidwe awo enieni, koma sikangaberekane. Vuto ndi LPS, imene ikachuluka imatenthetsa thupi kwambiri, ndiye opanga katemera amaichepetsa ndi mankhwala okhala ngati sopo kapena amasintha majini a bakiteriya kuti LPS yake ikhale yozizira.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Dziko la Cuba, kudzera ku Finlay Institute, linagwiritsa ntchito katemera wa timatumba polimbana ndi matenda oumitsa khosi a gulu B chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Norway inayesa wake nthawi yomweyo, ndipo New Zealand inabaya wake kuyambira 2004 mpaka 2008. Katemera wa Bexsero, amene analoledwa ku Ulaya mu 2013, ali ndi timatumba ta ku New Zealand tomweto pamodzi ndi mapuloteni ena owonjezera. Anawonjezera chifukwa akatemera oyamba aja ankateteza bwino ku mtundu umodzi wokha wa kachilomboko. Asilikali ankaloweza kwambiri puloteni imodzi yotchedwa PorA, imene imasiyana mtundu ndi mtundu. Mu 2017 kunatuluka zodabwitsa: achinyamata a ku New Zealand amene anabayidwa katemera wa dziko lawo uja ankapezeka ndi chinzonono mocheperapo, ndi pafupifupi 31 pa 100 alionse. Tizilombo tiwiriti ndi pachibale, koma kukula kwenikweni kwa chitetezo chimenechi akatswiri akukambiranabe.

Tisasokoneze ndi akatemera amene tikuwadziwa kuno. Wa kolera wakumwa uja ndi mabakiteriya athunthu ophedwa. Wa taifodi, amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, n'kuteteza pafupifupi 80 mwa 100 alionse, ndipo anafika m'dziko lonse mu May 2023, ndi shuga wa pakhungu la Salmonella Typhi womangiriridwa ku puloteni ina. Onse awiriwa si a timatumba.

Pamene timatumba tingadzatikhudze kwambiri ndi pa abale a taifodi, mitundu ya Salmonella imene kumayiko olemera imangotsegula m'mimba koma kuno imalowa m'magazi a ana odwala malungo, ochepa magazi, onyentchera, ndi a akuluakulu amene HIV yawafooketsa. Pafupifupi 15 mwa odwala 100 amamwalira, ndipo palibe katemera wololedwa. Dzina la Blantyre lili pakatikati pa nkhaniyi. Kachilombo kotchedwa D23580, kamene malabotale a m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito pophunzira za matendawa, kanapezeka m'magazi a mwana ku Gulupu mu 2004, ndipo mu 2009 kanathandiza kuzindikira mtundu wa ST313 umene wafala ku Africa kuno.

Labotale ya kampani ya GSK ku Siena, m'dziko la Italy, inakonza njira yotchedwa GMMA. Amadula zingwe zina zomangira mpanda uja kuti bakiteriya azithothola timatumba tambirimbiri, amaziziritsa LPS, kenako amangosefa. Chiyembekezo n'chakuti njirayi ndi yosavuta ndiponso yotsika mtengo. Katemera wa GMMA wa Salmonella ameneyu wayamba kuyesedwa pa anthu, koyamba ku Oxford. Koma njira si yosalala. Katemera woyamba wa GMMA wa kamwazi anayesedwa ku Ulaya ndi ku Kenya n'kuoneka wosavulaza, koma atamuyesa ku America pa anthu odzipereka amene anamwetsedwa kachilomboko dala, sanawateteze mokwanira. Anabwerera kukamukonzanso, kuwonjezera shuga wa LPS ndi mitundu ina ya Shigella.

Kulephera kumeneko kunadzutsa funso limene likukhudza mutu wonse wa nkhani ino. Pa katemera wa matenda oumitsa khosi, oteteza ndi mapuloteni. Pa Salmonella ndi Shigella, zikuoneka kuti asilikali amaloweza kwambiri tsitsi la shuga lija, limene limaphimba mapuloteni a pansi pake monga udzu umaphimbira mitengo ya denga. Ndiye mapuloteni a m'timatumba amangothandiza kudzutsa chitetezo, kapena nawonso amateteza? Ngati amateteza, katemera mmodzi angathe kugwira mitundu ingapo ya Salmonella, popeza mapuloteni ambiri amafanana pamene shuga amasiyana. Ngati sateteza, mtundu uliwonse udzafuna timatumba take.

Palinso mafunso amene angayankhidwe kokha m'malo ngati athu. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi amene wadwala malungo kawiri ndipo magazi ake ndi ochepa, thupi lake lidzayankha mofanana ndi la munthu wamkulu wathanzi wa ku Oxford? LPS iziziritsidwe mpaka pati kuti khanda lisatenthe thupi, koma chitetezo chidzukebe? Ena akufufuza ngati timatumba topezeka m'mkodzo kapena m'magazi tingathandize kuzindikira TB ndi matenda ena msanga, koma m'magazi muli timatumba tochuluka zedi tochokera m'maselo athu omwe, ndipo kusankhamo ta bakiteriya kukadali ntchito ya mu labotale. Ndipo popeza mankhwala ena amachititsa bakiteriya kuthothola timatumba tambiri todzaza LPS, ofufuza akufuna kudziwa ngati kusankha mankhwala kumasintha mmene wodwala wa tizilombo ta m'magazi amapezera pa maola oyambirira atabayidwa jakisoni.